Wodzamuwolotsa Marcia

Faifi koloko m'mawa, chiperoni chikuwaza, Rosaria anali atagwada kale pasimenti ya pampopi akupala ndere ndi chibenthu cha njerwa. Ndowa yake inkadzaza pang'onopang'ono, chifukwa mwezi wa Julaye madzi amatuluka ngati akuwakakamiza. Mpopiwo ndi wa nyumba zonse za pa laini ya kumunsi, ndipo ndere zikachuluka ana amaterereka n'kuphwanya zigubu. Palibe amene anamupatsa ntchito imeneyi. Kampani ya tiyi imalemba othyola, odulira, othira feteleza, alonda ndi madalaivala, koma wopala ndere sinalembepo. Amapala ndi amene wafika msanga n'kuona kuti pakuterera, ndipo sabata imeneyo Rosaria ankafika msanga kuposa masiku onse, poti tulo tinkamuthera kukadali mdima.

Chinkamudzutsa chinali sukulu ya mwana. Marcia, mwana wake mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi chimodzi, ankamaliza Sitandade 4 pasukulu yaing'ono ya pafupi ndi malaini. Sukuluyo imalekezera pomwepo. Mwana akakhoza, kholo limamupezera kwina, ndipo kwinako n'kuwiri basi, konse kwa boma. Kuli sukulu ya kumsewu, yomwe ili pamsika m'mbali mwa tala wopita ku Blantyre. Kulinso sukulu ya kutsidya, m'tsinde mwa phiri, kuwoloka mtsinje wa Namaswa. Madamu a Marcia anali atatumiza uthenga woti sukulu isanatsekere Lachisanu adziwe kumene mwanayo akupita. Makolo ena onse anali atayankha.

"Mwadzuka bwanji amake Marcia? Mwayambanso ukapitao wa ndere?"

Anali Cathy wa khomo loyandikana ndi lake. Nyumba yake ndi ya Rosaria zimalekanitsidwa ndi khoma limodzi, moti wina akayetsemula mnzake amamva.

"Ndadzuka, kaya inu achemwali? Kondie wanu dzulo anagwa pompano, simunamve kulira?"

"Ameneyo amagwa ndi pouma pomwe." Cathy anatula ndowa zake ziwiri. "Nanga nkhani ija, mwasankha?"

"Ndikuganizabe."

"Mukuganiza chiyani? Ana onse a pa laini pano ali kumsewu. Anga atatu ali komweko ndipo palibe anafa. Kapena mukufuna wanuyo adzakhale dokotala wa pa Mishoni, azidzatibaya jakisoni mwaulemu?"

"Akadzatero mudzakana?"

"Sindidzakana. Koma mtsinje uja unanyamula mlatho wa simenti ngati chisakasa. Ndiye Marcia ndi ndani, wopepuka ngati mwanapiye uja?"

Rosaria anaseka pang'ono kuti nkhani ithe, n'kusenza ndowa yake.

Cathy sankanama. Koma panali chinthu chimodzi chimene ankachidziwa osachiwerengera: Marcia samva bwino khutu lakumanzere. Linatuluka mafinya ali wakhanda, ndipo kuchipatala cha pa Mishoni anapoletsa chilonda, koma kumva sikunabwerere. Mwanayo sadandaula. Akapanda kumva amangomwetulira n'kugwedeza mutu, moti mlendo amati ndi mwana waulemu. Madamu ake anazindikira msanga n'kumukhazika kutsogolo, khutu labwino litaloza ku bolodi, ndipo kuyambira pamenepo Marcia sanachokepo m'gulu la okhoza bwino. Tsopano madamuwo amatsala, mwanayo amapitirira yekha.

Rosaria nkhani za sukulu amaziopa monga munthu amaopera chinthu chimene chinamupulumuka m'manja. Anabadwira ku Mozambiki, kuseri kwa phiri lomweli, ndipo m'Malawi analowa ali kumsana, amayi ake akuthawa nkhondo. Anakulira chakufupi ndi Muloza, m'nyumba momwe akuluakulu ankayankhula Chilomwe, chitenje n'kumachitchula kuti kapulana. Nkhondo itatha ena anabwerera, koma bambo ake anali atapeza kale ntchito yodulira tiyi, basi banja linakhazikika. Nayenso anayambira pasukulu yolekezera panjira ngati ya Marcia. Atamaliza kalasi yomaliza ya pamenepo, palibe anamuuza kuti asiye sukulu. Amayi ake anangoti ayambe wadikira temu imodzi, mvula ithe, mng'ono wake ayambe kuyenda. Mng'ono wakeyo atayamba kuyenda kunabadwa wina. Temu imodzi ija sinathe mpaka lero. Msana umene unalera ang'ono ake ndi womwe unadzalandira dengu la tiyi.

Bambo a Marcia, a Ernesto, anapita ku Mocuba kukagula nsomba zouma mwanayo akuyamwa, ndipo mbiri imene inabwera n'njakuti anakwatira komweko. Nyumba ya pa laini ili m'dzina la Rosaria, ndipo ndi yake malinga ngati ntchito ilipo.

N'chifukwa chake mawu oti "ndikuganizabe" ankamuopsa iye mwini akawatchula. Ankadziwa kumene amathera.

Julaye tiyi wothyola amachepa, ndipo masiku ena gulu lawo siliitanidwa n'komwe. Tsiku limenelo linali lotero. Marcia atangopita kusukulu, Rosaria anavala chitenje cha kutchalitchi n'kuyamba ulendo wa kumsewu kuti akaone ndi maso ake. Ndi mtunda ndithu, kudutsa minda ya tiyi mpaka miyendo kutentha ngakhale kunja kukuzizira. Atafika pa tala anaima nthawi. Maminibasi ankalimbirana anthu, njinga zamoto za kabaza zikutulukira paliponse, lole ya nkhuni za kufakitale ikutsika ikulira mabuleki. Anayesa kutseka khutu lakumanzere ndi chala kuti amve mmene Marcia angamvere. Njinga yamoto inamudutsa pafupi mpaka chitenje kukupiza, mnyamata wake akukuwa kuti, "Amayi, msewu si khonde!"

Sukuluyo sinali yoipa. Inali ndi mjigo wakewake, makalasi a malata atsopano, ndi zimbudzi za atsikana zokhala ndi zitseko. Kuseri kwa khitchini amayi atatu ankatsuka miphika ikuluikulu ya phala ndi mchenga, maso atafiira ndi utsi. Anali amayi a ana a pompo, ophika mosinthana, ndipo nkhuni anabwera nazo kuchokera kwawo. Rosaria anawapatsa moni wa mafuwa, iwo n'kumulozera kalasi ya Sitandade 5.

Anaima pawindo. Ana anali atadzaza pansi mpaka pakhomo, mawondo a wina ali pamsana pa mnzake. Kutsogolo mphunzitsi wachinyamata ankawerenga, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Kuseri kwa mpanda chigayo chinali kulira, ndipo kupitirira apo wina anali atatsegula nyimbo pamalo oonetsera vidiyo. Rosaria, wa makutu awiri abwinobwino, ankangoona milomo ikuyenda. Chakumbuyo atsikana awiri ankalukana tsitsi, ndipo mnyamata wina anali mtulo atatsamira khoma.

Pa buleki anamuyandikira mphunzitsiyo.

"Aphunzitsi, mwana wosamva bwino mungamuike kutsogolo?"

"Mayi, lero ndingamuike," anayankha ndi mawu osasa. "Mawa akachedwa pang'ono apeza pakhala ena. Kutsogoloku amalimbirana ngati mpando wa minibasi ya m'mawa, ndipo a kumalaini amafika mochedwa chifukwa cha mtunda." Anatsokomola. "Koma m'bweretseni. Kuno sitibweza mwana. Ndiyesetsa."

Ananena mokoma mtima, ndipo Rosaria anakhulupirira kuti ayesetsadi. Koma anali ataona kukula kwa kalasiyo, ndipo munthuyo anali mmodzi.

Madzulo ake Marcia anamuchingamira ndi funso. "Amayi, ndipita kumsewu eti? Mnzanga Millie akuti pamsika pali chiwaya cha tchipisi, ndiye pa buleki amakaonerera."

"Ukupita kusukulu kapena kuchiwaya?"

Rosaria ananena zimenezi akutula nkhuni, ali kumanzere kwa mwanayo. Marcia anamwetulira n'kugwedeza mutu.

M'mawa mwake Rosaria anatsikira kutsidya. Njira yake ndi yaifupi: kuseri kwa malaini, kudutsa nkhalango ya bulugamu ya kampani, kenako midzi iwiri itatu, basi mtsinje. Mu Julaye Namaswa ndi kamtsinje kofatsa, madzi oyera, ozizira, olekeza mu akakolo. Koma m'mbali mwake muli miyala ikuluikulu ngati nyumba, imene kale kunalibe. Inatsika kuphiri ndi madzi a namondwe wa Freddy, nthawi yomwe mlatho unapita. Panatsala zipilala ziwiri zokha, zitsulo zitapindika pamwamba. Akuti adzamanga.

Sukulu ya kutsidya inali yakale, khoma lina atalichirikiza ndi mitengo, chimbudzi cha atsikana chotchinga ndi chiguduli. Koma ana m'kalasi anali oti munthu n'kuwadziwa mayina. Ali panja Rosaria anamva mphunzitsi akufunsa funso, anamvanso kamtsikana kakuyankha, anamva ndi choko chomwe chikulira pa bolodi. Anadziwa kuti wachiona chimene amafuna, ndipo ankaopa kumva mtengo wake.

Aphunzitsi aakulu, bambo a imvi, anamulandira bwino. "Malo alipo, mayi, kutsogolo komwe. Koma mwati mukuchokera tsidya lija? Ndiye musanandiyankhe ine, kaonaneni ndi a Esther. Za mtsinje si za ofesi ino. Nthawi ino muwapeza akuchapa padooko."

A Esther anali mayi wamkulu thupi, wa m'mudzi wa tsidya la kumalaini, mlimi wa nanazi. Anali atakwinya chitenje mpaka m'mawondo akumenya bulangete pamwala. Rosaria anapereka moni, n'kugwira mbali ina ya bulangetelo kuti afinye limodzi, kenako anafotokoza chimene anabwerera.

"Mwabwera nthawi yabwino yonamizira anthu," anatero a Esther. "Mukuuona mtsinjewu? Lero ndi mkamwini watsopano, ulemu wokhawokha. Mudzauone mu Januwale."

"Ndiye ana amawoloka bwanji?"

"Timawawolotsa. Mvula ikayamba mwana sawoloka yekha. Timamanga chingwe kuchipilala icho, ife akuluakulu anayi kapena asanu n'kuima m'madzi, n'kumapatsirana ana dzanja ndi dzanja. Aang'ono timabereka. Mabuku amaika m'jumbo, yunifolomu momwemo, jumbo pamutu, amakavalira tsidya linalo. Masana poweruka amawawolotsa makolo a kutsidya, ife athu ndi m'mawa. Madzi akakwirira mwala wakuda uwo palibe amawoloka, kaya kukhale mayeso. Ndipo mmodzi amaima pamtunda apo kuyang'ana kuphiri, chifukwa kuno kumatha kuwala dzuwa pomwe kumtunda yagwa kale."

"Munatayapo mwana?"

"Chiyambireni ayi. Tataya nsapato, masikito a agogo ena, ndi dzino langa ili." Anatsegula pakamwa kumuonetsa mpata. "Ndinamenyetsa pamwala ndili ndi mwana wa eni kumsana. Mwanayo sananyowe ndi tsitsi lomwe."

Rosaria ananena za khutu la Marcia, kuti wina akamukuwira ali kumanzere sangamve.

"Wotero sitimukuwira, timamugwira pamkono. Zimenezo si vuto. Vuto ndi ili, mayi: mwana aliyense wowoloka amabwera ndi msana wake. Khomo lililonse limapereka m'mawa umodzi pa sabata. Panopa Lachiwiri ndiye likuperewera anthu."

"Ine ndimathyola tiyi, amayi."

A Esther anasiya kufinya. Anamuyang'ana zala, zakuda m'mphepete ndi zong'aluka monga zimakhalira za othyola onse.

"Ndiye nkhani imeneyo," anatero motsitsa mawu. "Simunadabwe kuti kusukulu kuja kulibe mwana wa kumalaini?"

Rosaria anali atazindikira kale asanamalize. Mvula imene imadzaza Namaswa ndi yomwe imaphukitsa tiyi. Miyezi imene ana amafunika msana padooko ndi yomwe wothyola aliyense amafunika m'munda kukangocha, dengu kumsana, mvula kaya dzuwa.

"Nditati ndipeze waganyu?"

"Tinayesa. Waganyu amabwera madzi akakhala m'mawondo. Akafika m'chiuno mumva kuti wadzuka ndi mutu. Wina anasiya chingwe n'kuthawira kumtunda ana ali pakati. Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana kuti wolipidwa ayi. Akhale kholo, kapena m'bale, kapena mnansi amene mwanayo amamudziwa, ndipo mubwere naye tidzamuone nkhope. Akakhala mwamuna ndiye bwino, kungoti amuna mvula ikagwa amakumbukira kuti ali ndi zochita zina."

Anayanika bulangete lija pamwala awiriwiri. Rosaria anatsanzika n'kukwera mtunda, miyendo ikulemera kuposa dzulo lake, ngakhale njira inali yaifupi.

Lachinayi gulu lawo linaitanidwa kukazula udzu m'mizere ya tiyi. Anadikira mpaka kapitao wawo, a Harold, ataima okha pansi pa mtengo akupukuta magalasi.

"Akapitao, ndimati ndipemphe. Mvula ikadzayamba, Lachiwiri lokha, ndizidzafika mochedwa pang'ono. Ndi nkhani ya sukulu ya mwana."

"Mu Januwale?" A Harold anavala magalasi aja kuti amuone bwino. "Amake Marcia, mu Januwale ngakhale maliro timakhuza diso limodzi lili ku tiyi."

"Ndizidzabweza nthawiyo madzulo."

"Ndikudziwa kuti mungabweze. Dengu lanu silinandichititsepo manyazi. Ine ndikhoza kuyang'ana kumbali kamodzi, kawiri. Koma lole ya masamba sidikira, ndipo akalaliki a pasikelo ali ndi maso awoawo. Akayamba kukulembani kujomba sabata ndi sabata, nyengo ikatha dzina lanu lidzakhala loyamba kutsika. Ndiye nyumba ija? Mwanayo adzakhala ndi sukulu yabwino, koma azidzagona pati?"

Sananene mwaukali. Anafunsanso kuti mwanayo ali kalasi yanji, ndipo atamva anati, "Kumsewu kulibe mtsinje, mayi," n'kupita kukaona mizere ina.

Rosaria anabwerera pa udzu wake. Manja ankazula, mutu ukuyendayenda m'makomo. Mng'ono wake wamkazi ali ku Limbe, pantchito ya m'nyumba. Alongo ake awiri ali pa esiteti ina, nawonso ndi othyola. Amayi a kutchalitchi amene angamumvere chisoni onse amasenza dengu. Kenako kunabwera ganizo lokoma, lofewa ngati mkeka watsopano: amulembetse kutsidya, poti sukulu zimatsegulira mu Seputembala madzi akadali mu akakolo, za mvula adzaziona mvulayo ikadzabwera. Anayenda nalo ganizolo mpaka kumapeto kwa mzere. Pomwepo anamuona Marcia mu Januwale, atakhala pakhonde, yunifolomu ili pachingwe, akudikira kuti mvula ithe. Rosaria anaweramuka msanga ngati walumidwa ndi linthumbu.

Ataweruka anakhala pakhonde akusenda nandolo wamuwisi. Marcia anali pampopi ndi anzake. Kuseri kwa khoma ana a Cathy anayamba kulimbirana kanthu, ndipo mawu a mayi awo anamveka monong'ona mwaukali: "Chete inu! Bambo anu akugona!"

Mawu amenewo Rosaria anali atawamva zaka ndi zaka osawaganizira. A Mikaeli, amuna a Cathy, ndi mlonda wa kunkhokwe ya feteleza. Amalowa ntchito dzuwa likamalowa, amaweruka kukacha, nthawi yomwe laini yonse ikuthamangira kumunda. Nkhokweyo ili kumapeto kwa nkhalango ya bulugamu, ndipo kuchokera pamenepo kukafika padooko si patali. Pa laini yonse ya kumunsi, munthu wamkulu amene m'mawa wake ndi wakewake anali iwo okha, chifukwa Cathy nthawi imeneyo amakhala ali pachipata cha fakitale ndi beseni la mandasi.

Manja a Rosaria anaima m'lichero.

M'mawa umenewo sunali wopanda ntchito. Unali tulo ta munthu amene wachezera chiimire usiku wonse. Ana awo sali pasukulu ya kutsidya. Madzi a mu Januwale amazizira mpaka m'mafupa, ndipo a Mikaeli si mnyamata. Atati aterereke, chingwe chiwapulumuke, Cathy angatsale ndi ana atatu, nyumba n'kubwerera kukampani, ndipo laini yonse ingadziwe amene anawatuma kumadziko. Ngakhale popanda ngozi, pakamwa pa anthu palipo. Mkazi wopanda mwamuna kupempha mwamuna wa mnzake kuti azimusamalira mwana, nkhani yotero pampopi imafika ndowa isanadzaze, ndipo imafika itavala zina. Kulipira sakanatha, poti a Esther anakaniratu. Chimene anali nacho ndi manja ake: Lamulungu akaweruka kutchalitchi akhoza kupalira dimba la Cathy, kuchapa, kukanda ufa wa mandasi madzulo. Koma zimenezo zimapepuza Cathy. Wolowa m'madzi ndi wina.

Anaganiza zosiya. Kumsewu kuli mjigo, kuli zitseko, kuli Millie, kuli mphunzitsi amene anati ayesetsa. Ana ambiri apita kumeneko ndipo ena akhoza. Koma akatseka maso ankaona khoma lakumbuyo kwa kalasi ija, ndi Marcia atatsamira pomwepo akumwetulira n'kumagwedeza mutu chaka chonse.

Marcia anafika ndi chigubu pamutu. Rosaria anamuthandiza kutula, n'kumutembenuza kuti amuyankhule kukhutu labwino.

"Iwe, bambo a Kondie umawaopa?"

"Amalume a Mikaeli? Ayi. Amayankhula mokweza, ndimawamva zonse."

"Nanga madzi umawaopa?"

Marcia anaganiza pang'ono. "Akakhala ambiri."

"Ukapita kutsidya Millie kulibe. Chiwaya kulibenso."

"Aphunzitsi ake amamveka?"

"Amamveka ndi panja pomwe."

Mwanayo anangokhala pansi n'kuyamba kusenda nandolo amene anatsala.

Dzuwa linali litapendeka, phiri litayamba kufiira pamwamba. Posachedwa a Mikaeli adzuka kuti asambe, adye, azipita kuntchito, ndipo mawa ndi Lachisanu. Masiku onse Rosaria akafuna mchere kapena moto amangoitana ali pakhonde pake. Tsiku limenelo anasamba m'manja, anamanga bwino mpango, anathira nandolo wosenda m'mbale n'kuvundikira, kenako anazungulira mpaka pakhomo pa mnzakeyo.

"Odi kuno!"

Cathy anasuzumira ali ndi ufa m'manja. "Odi wa chiyani ngati mlendo? Mpango womwe! Mwabwera kudzafunsira mbeta? Wanga wamkazi akadali mwana."

"Ndabwera kwa inu, achemwali."

"Kwa ine ndi mbale yovundikira? Ayi ndiye kwagwa chinthu." Anayala mkeka pakhonde, akusekabe, koma ataona kuti Rosaria wakhala mopinda miyendo ngati pa mlandu, kuseka kunachepa. Anathamangitsa ana kuti akasewere kwina, n'kukhala pansi nayenso. "Nenani. Mwana wadwala?"

"Sanadwale. Sukulu zonse ziwiri ndakaziona. Kumsewu Marcia sakamva kanthu, achemwali. Ine ndemwe ndinaima pawindo osamva."

"Ndiye mwasankha mtsinje."

"Mtima wasankha. Koma kumeneko mvula ikayamba khomo lililonse limapereka munthu woima m'madzi m'mawa umodzi pa sabata, kuwolotsa ana. Waganyu salola. Akapitao ndawapempha, zakanika."

Cathy anayang'ana mbale ija, kenako anayang'ana chitseko cha kuchipinda, kumene kunkamveka munthu akutembenuka pabedi. Rosaria anaona kuti mnzakeyo wayamba kuzindikira. Anatsitsa mawu kuti asadutse chitsekocho.

"Ndikudziwa kuti ndi tulo tawo ndikupempha. Ndikudziwanso mtsinje uja, ndi zimene anthu anganene. N'chifukwa chake sindinawaimitse panjira, ndabwera pakhomo, kwa inu eni ake. Dimba lanu ndizipalira ine Lamulungu lililonse, koma sindikunena kuti zikufanana. Mukakana sindidandaula, moto tizipalanabe. Kungoti madamu akufuna yankho mawa m'mawa." Anapukuta manja pachitenje ngakhale anali ouma. "Achemwali, mvula ikadzayamba, Lachiwiri akamaweruka, mungawalole bambo a Kondie kuti azikaima m'madzi m'malo mwanga, andiwolotsere Marcia?"